Mmene Ndinasambitsira Azakhali M'manja ku Resitilanti ya Chivietnamu

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka ziwiri. Koma popeza azakhali a amuna anga amaifotokoza pa ukwati uliwonse, pa baby shower iliyonse, ngakhale pa msonkhano wa amayi a ku tchalitchi, ndaona kuti bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, sindikukana. Kungoti iwo akamaifotokoza amathira mchere wambiri, amati ndinagwada kasanu. Limenelo ndi bodza. Ndinagwada katatu basi.

Ine ndine Tiyamike, kwathu ndi ku Mponela. Nthawi imeneyo ndinali nditangokwanitsa miyezi isanu ndi iwiri kuno ku UK, ndikugwira ntchito ya u-carer pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Telford. Tinkakhala atsikana asanu m'nyumba imodzi, atatu a ku Malawi, awiri a ku Zambia, ndipo moyo wathu unali shift, kugona, shift. Birmingham ndinkangoiponda Lamlungu popita ku tchalitchi. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Madalitso, nesi wa pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green.

Mada sanachedwe kunena kuti akufuna banja. Atauza makolo ake ku Zomba, bambo ake anayankha mwachidule: "Ife mtsikanayo sitikumudziwa. Akamuone azakhali ako a ku Bilston. Iwo akati eya, titumiza ankhoswe ku Mponela. Akati ayi, iwalako."

Azakhali amenewa, a Nachisale, ndi nesi wamkulu, akhala kuno zaka zoposa makumi awiri. Ku tchalitchi anthu amawaopa mpaka abusa. Mtsikana amene Mada ankayenda naye ine ndisanabwere analephera mayeso pa mphindi imodzi yokha. Anawapatsa moni ali chiimire, dzanja lina lili m'thumba la jekete, n'kunena kuti "Hi Auntie." Nkhani yake inathera pakhomo pomwepo.

Ndiye mumve mantha amene ndinali nawo. Mada ndinkamukonda zenizeni, ndipo sindinkafuna kumutaya chifukwa cha moni.

Kunyumba kwathu ku Telford kunalibe poika alendo, sitting room inali itasanduka chipinda cha munthu. Ku Bilston Mada anakana, akuti kumeneko andilowetsa ku khitchini n'kumandiyang'ana mmene ndikugwirira mthiko. Iye anasankha resitilanti ina ya anthu a ku Vietnam m'tauni ya Birmingham. Anati, "Kumeneko sukalakwa kanthu. Iwe ukangokhala pansi, kudya ndi kumwetulira."

Ine Vietnam ndinkangoidziwa m'mafilimu a nkhondo aja tinkaonera pa video show ku Mponela. Sabata yonse ndinakhalira pa foni kuwerenga za zakudya zawo zimene akuti munthu ayenera kulawa. Pho, msuzi wa ng'ombe wa ma-noodles. Banh mi, buledi woikamo nyama ndi zowawasa. Bun cha, nkhumba yowotcha yomizidwa mu msuzi. Banh xeo, chitumbuwa chopyapyala chokhala ndi nyama mkati. Ndinaloweza zonsezo ngati vesi la Sunday school. Timitengo todyera tija ndinkayeserera pa break ndi mabolopeni awiri ndi mtedza, mpaka gogo wina wa ku ntchito anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Lachisanu ndinaimbira mayi anga kuti andipatse malangizo omaliza.

"Iwe Tiya, chizungu chakocho uchisiye ku ntchito," anatero mayi. "Akulu sapatsidwa chinthu uli chiimire. Usayambe kudya iwo asanayambe. Ndipo madzi akangofika, usadikire kuti wina akutume. Nyamuka, gwada, uwasambitse m'manja, kuyambira bambo."

"Amayi, ndi ku resitilanti."

"Ku resitilantiko anthu amadya ndi mapazi?"



Loweruka ndinakwera sitima nditavala diresi lalitali lija ndimavala pa Mgonero, chitenje chili m'chikwama. Ndinafika cha m'ma wani koloko masana. Malo ake ndi aang'ono, matebulo othithikana, fungo la msuzi likumveka kuchokera panja. Ndikungolowa, foni inalira. Uthenga wa Mada: "Babe sorry, handover yachedwa, wodwala wina wavuta. Ndaoda kale pa foni, inu muziyamba. Give me 30 mins."

Pakona pena panali patakhala kale azakhali, magalasi ali pamphuno, pamodzi ndi amuna awo a Mbewe. A Mbewe amayendetsa basi ku Wolverhampton, munthu wofatsa, ndipo chakudya chachilendo sachikhulupirira.

Ndinapinda mawondo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Muli bwanji, Ankolo? Muli bwanji, Anti?"

"Tili bwino. Ndinu a Tiyamike?" anatero azakhali. "Khalani."

Mafunso anayamba ndisanavule n'komwe jekete. Kwanu ndi kwa mfumu yanji? Bambo anu amachita chiyani? Munabatizidwa kuti? Kenako anatsitsa magalasi aja.

"Visa yanu ndi iyi ya care?"

"Eya, Anti."

"Hmm. Atsikana a masiku ano akaona mnyamata wa ntchito yokhazikika saona munthu, amaona mapepala."

Mawu amenewo anandibaya. Ndinafuna kuyankha, koma ndinakumbukira mayi, n'kumeza malovu. Mumtima ndinati, dikirani, muona kuti ndinaleredwa ndi ndani.

Posakhalitsa anafika mwini malowo, mayi wamfupi wa tsitsi la imvi, atanyamula thireyi yaikulu. Anayamba kutsitsa zinthu chimodzichimodzi. Nyama ya nkhumba yowotcha pa timitengo. Ma-noodles oyera, opyapyala ngati ulusi. Mbale yodzadza masamba osaphika, ena mwa iwo onunkhira ngati mpungabwi uja timathamangitsira udzudzu kwathu. Timbale ta sosi wa fungo la usipa. Zidutswa za mandimu. Mulu wa tinthu tozungulira, touma gwa, toonekera mbali ina ngati pulasitiki.

Ndinayang'ana zonsezo mutu uli balala. Pa zimene ndinaloweza sabata yonse panalibe n'chimodzi chomwe.

Pomaliza mayi uja anaika pakati pa tebulo mbale yaikulu, yotakata, ya madzi. Anamwetulira n'kuthamangira ku tebulo lina.

Ndinakhudza mbaleyo ndi chala. Yofunda.

Ndinayang'ana pa tebulo: foloko palibe, supuni palibe, ngakhale timitengo todyera tija palibe. Nyama ili pa timitengo, masamba ali athunthu. Ndiye kuti chakudyachi n'chodya ndi manja. Ndipo madzi ofunda afika chakudya chisanayambe. Abale inu, mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Mumtima ndinati laponda lamphawi. Pa zinthu zonse zimene zinali pa tebulo limenelo, chimodzi chokha ndinkachidziwa bwino kuposa aliyense mu Birmingham muno.

Ndinaimirira. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama n'kuchimanga pamwamba pa diresi. Ndinanyamula mbale ija ndi manja awiri, ndinatenga kapu yopanda kanthu yoti ndizitungira, ndinazungulira tebulo n'kukagwada pambali pa a Mbewe, pakati penipeni pa njira imene anthu amadutsa.

"Tisambe m'manja, Ankolo."

Nkhope ya a Mbewe inawala.

"Ha, mwana iwe. Zimenezi ndinaziona komaliza ku Ntcheu, bambo anga ali moyo."

Anavula wotchi. Anapinda mikono ya shati. Anasamba ngati munthu amene wadikira madzi amenewo zaka zambiri, chala chilichonse pachokha, mpaka m'zikhadabo. Anandiuza akusamba kuti m'mawa umenewo tayala la galimoto linaphwa, ndipo analisintha okha pa msewu. Sanafunikire kunena, madziwo anali atanena kale.

Pa tebulo loyandikana nalo panali azungu awiri akumwa msuzi. Anasiya, masupuni ali m'malere. Ine ndinati aone, aphunzire.

Ndinayenda ndi mawondo kufika pa azakhali.

"Tisambe, Anti."

Azakhali anayang'ana ine. Anayang'ana mbale. Anayang'ana mulu wa tinthu tozungulira tija. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenako anatseka. Pang'onopang'ono anatambasula manja, ndipo ndinawathira madzi. Milomo yawo inkanjenjemera. Ine ndinati zawakhudza mtima.

"Chopukutira chilipo?" anafunsa a Mbewe, manja akudontha.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Thaulo panalibe. Maso anga anagwera pa mulu uja. Tinthu toyera, topyapyala, tofanana, toikidwa pafupi ndi madzi. Ndinati kapena ndiye tissue za kwawo zimenezi. Ndinatengapo kamodzi n'kuwapatsa ndi manja awiri.

A Mbewe anapukuta. Kanthu kaja kanayamba kathetheka, kenako kanafewa, kenako kanamata. Anayesa kukachotsa ndi dzanja lina, kanamatanso ku dzanja limenelo. Anatenga kena kuti apukutire koyamba kaja, nako kanamata pamwamba pa kanzake.

"Kodi zimenezi n'zotani?" anafunsa, atakweza manja m'mwamba zala zitagwirana.

Ine mutu unaima. Koma munthu amene wangochita bwino chonchija sangavomere msanga kuti sakudziwa. Nzeru za ku ntchito zinandibwerera.

"Mwina ndi magolovesi, Ankolo. Amafewa akanyowa, kuti mudyere mwaukhondo."

"Magolovesi opanda zala?"

"Ndi a kwawo, Ankolo."

Azakhali anayamba kutsokomola, atakwirira pakamwa ndi mpango. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinawafunsa ngati ali ndi asthma, anangokupiza dzanja kuti ndiwasiye.

Mayi mwini malo uja anabwerera. Anayang'ana m'mbale ya madzi ija n'kuima chilili. Anandifunsa m'Chingerezi kuti madziwa atani.

"We've finished, thank you," ndinatero mwaulemu. "Very nice and warm."

"Finished?" Anayang'ana nyama, ili yonse. Anayang'ana masamba, ali onse. Anayang'ana manja a a Mbewe, n'kuphethira kawiri. Iyenso anaoneka kuti mutu wamuima ngati ine. Anatenga mbale ija, ndipo patapita mphindi imodzi anabwera ndi ina ya madzi oyera, ofunda. Anaiika pakati pa tebulo, anakweza chala kuti afotokoze, koma pakhomo panalowa gulu la anthu ngati khumi, wina n'kumuitana. Anathamangira komweko.

Ine ndinasilira. Ndinati anthu awa ulemu wawo ndi woposa wathu, amabweretsa ndi otsukuluzira omwe.

Ndinagwadanso kachiwiri.

A Mbewe anaviika manja onse awiri n'kuyamba kupala zomata zija. Anafunsa sopo. Ndinati sopo palibe, koma mandimuwo ayenera kuti ndi a ntchito imeneyo, monga timachitira tikadya nsomba. Anafinyiramo zidutswa ziwiri. Azakhali anangoviika nsonga za zala, maso ali kudenga. Pomaliza ndinasamba ine, monga mwa dongosolo. Pansi panalibe poika mbaleyo chifukwa anthu ankadutsadutsa, ndiye ndinaibwezera pakati pa tebulo pamene inali. Madzi ake anali otuwirako pang'ono, koma osati kwambiri.

A Mbewe anapemphera, ndipo tinayamba kudya. Kunena zoona, sitinkadziwa poyambira.

"Ndiwo zamasambazi abwera kudzatenga kuti akaphike?" anafunsa a Mbewe monong'ona.

"Mwina, Ankolo."

"Nanga ulusiwu?"

Ndinatapa ma-noodles aja ndi dzanja, ndinawaumba mbamu, n'kusunsa mu sosi wa usipa uja. Sizinali zoipa. A Mbewe anatengera ine. Tinkadya mwakachetechete, ulusi ukulendewera m'zala, aliyense akuyang'ana mnzake kuti aone ngati akulondola.

Azakhali anangotenga kanyama kamodzi. Ankatafuna pang'onopang'ono akundiyang'ana. Apa mantha anandigwiranso. Mlendo akapanda kudya ndiye kuti chilipo chamunyansa. Ndinayamba kuwerenga zolakwa zanga. Kodi ndinagwada mochedwa? Kodi ndinayenera kuyambira iwo? Kodi chitenje chinali chokhota? Sindinapeze chilichonse.

Kenako anafika Mada, ali wefuwefu, yunifomu ikuonekera m'kati mwa jekete. Anapereka moni mwaulemu, anapepesa, anakhala pambali panga. Anatulutsa kabotolo ka sanitizer m'thumba n'kupaka m'manja, mwa chizolowezi cha anesi.

"Njala ikufuna kundipha. Aa, bwanji simunayambe ma-roll? Mumandidikira?"

"Ma chiyani?" ndinafunsa.

"Taona, ndikuonetse. Ichi ndi chimene ndimachikonda kwambiri kuno."

Anatambasula dzanja n'kutenga kamodzi mwa magolovesi a Ankolo aja. Anakaviika m'mbale ya madzi ija. Anakazunguliza bwinobwino kuti mbali zonse zinyowe.



"Ili ndi pepala la mpunga," anatero Mada mokondwa, ngati mphunzitsi. "Limadyedwa. Madzi ofundawa ndi ofewetsera. Ukaliviika chonchi, umaliyala pa mbale, umaika tsamba, ma-noodles pang'ono, nyama, timasamba tonunkhirati, kenako umakulunga. Waona? Simple."

Ndinayang'ana a Mbewe. A Mbewe anali atabisa manja awo onse awiri pansi pa tebulo, akuwerenga chikwangwani cha pakhoma cholembedwa m'chilankhulo chimene sachidziwa.

Mada anasunsa mu sosi n'kuluma. Anatafuna atatsinzina.

"Mmm. Lero athiramo mandimu m'madzimu. Zikukoma mwapadera."

A Mbewe anatsamwa ndi malovu awo omwe.

M'mutu mwanga munkayenda zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndinene? Ndikanena, ndiye kuti ndaulula pamaso pa azakhali kuti ndine mbuli yomaliza, yosambitsa anthu m'ziwiya zodyera. Ndikhale chete? Koma iwo anaona zonse, manja anali awo omwe. Nanga bwanji iwo sakunena? Kapena nawonso akudikira ine? Ndinadzitonthoza kuti Mada ndi nesi, thupi lake linazolowera majeremusi.

Ndikulimbana ndi maganizo amenewo, Mada anali ataviika kale pepala lina. Anakulunga mosamala, anaikamo tsabola wofiira wambiri chifukwa azakhali ake amakonda zowawa, n'kupereka ndi manja awiri.

"Anti, iyi ndi yanu."

Azakhali analandira. Sanayang'ane Mada, anayang'ana ine. Anayamba kukweza chinthu chija kupita nacho kukamwa, pang'onopang'ono, maso awo ali pa ine.

Sindikudziwa kuti dzanja langa linanyamuka liti. Ndinangoona kuti ndatsomphola chakudya m'manja mwa azakhali, ndipo chonse chili m'kamwa mwanga.



"Tiya!" anatero Mada. "Wapenga?"

Masaya anali atatupa, tsabola uja atayamba ntchito yake. Misozi inkatsika, mamina ali m'njira.

"Pepani, Anti, pepani kwambiri," Mada anayamba kuchonderera, thukuta lili pamphumi. "Sachita chonchi. Mwina ndi njala, wachokera kutali. Ndikukonzerani ina pompano."

Ndipo munthu uja anaviikanso pepala lina m'madzi omwe aja. Ndinapukusa mutu, ndinamugwira mkono, ndinalira ngati mbuzi yomangidwa pakamwa, iye anangondikankha ndi chigongono. Anakulunga mofulumira n'kupereka.

Ndinatsompholanso. Iyi ndinailanda isanafike n'komwe m'manja mwa azakhali. M'kamwa munalibe malo, koma ndinaikankhiramo.

"Ambuye wanga," ananong'ona Mada. Nkhope yake inali ya munthu amene akuona ukwati wake ukukwera basi n'kumapita.

Atatambasulanso dzanja kuti atenge pepala lachinayi, ndinanyamula mbale yonse ya madzi n'kuikumbatira pachifuwa. Ndinatsika pa mpando. Uku ndiye kunali kugwada kwachitatu.

Ndinameza movutika, n'kulankhula ndikulira.

"Anti, ndikhululukireni. Sindinakulandeni chifukwa cha dyera. Madziwa ndi aja tasamba m'manja. Ine sindimadziwa kuti ndi odyera. Sindikanalola kuti mudye zimenezo, bola ndidye ine. Ngati ndalephera, ndalephera, koma mwana wanuyu ndimamukonda, si za mapepala ayi."

Mada anandiyang'ana. Anayang'ana mbale imene ndinakumbatira, mmene munkayandama njere za mandimu.

"Mwasamba... m'menemu?"

"Eya."

"Ndani?"

"Tonse."

Anatembenukira kwa a Mbewe. A Mbewe anatulutsa manja pansi pa tebulo n'kuwaonetsa, kachidutswa ka pepala kakadali kakulendewera pa chala chachikulu.

"Usadandaule, mphwanga," anatero mofatsa. "Zambiri za tayala zinatsalira m'mbale yoyamba."

Apa ndi pamene azakhali anaphulika. Anaseka mpaka anavula magalasi. Anaseka atagwira tebulo, misozi ikuyenderera, akulephera kupuma. Azungu a pa tebulo lina aja nawonso anayamba kuseka osadziwa n'komwe mutu wa nkhani. Mada anamwa kapu yonse ya madzi ozizira, n'kupempha ina.

Phokoso limenelo linabweretsa mayi mwini malo uja. Anaona ine ndili chogwada ndi mbale yake pachifuwa, kenako anagwira azakhali paphewa ngati mnzake wakalekale. Anawafunsa m'Chingerezi kuti, "Sister, lero chachitika n'chiyani pa tebulo lanu? Zaka zonsezi simunandithereko madzi chonchi. Pho wanu wa masiku onse ndibweretse?"

Ndinaika mbale pansi.

"Anti, mumadya kuno?"

"Mwezi uliwonse, ndi anzanga a ku ward," anatero azakhali akupukuta m'maso. "Malo ano Madalitso ndinamuonetsa ndine."

"Ndiye mumadziwa kuti madziwa ndi a chiyani?"

"Ndimadziwa."

"Kuyambira pa mbale yoyamba?"

"Kuyambira pamene umamanga chitenje."

Manyazi amene ndinamva apo sindingawafotokoze. Koma kamkwiyo nako kanabwera.

"Nanga bwanji simunandiuze, Anti?"

Anasiya kuseka. Anandigwira dzanja n'kundidzutsa.

"Khala pa mpando, mwana wanga. Ine ndakhala m'dziko lino zaka zonsezi ndikusambitsa anthu a eni m'chipatala. Kunyumba ndikatuma ana anga madzi, amandiyankha kuti, 'The tap is right there, Mum.' Lero mwana wa munthu wandigwadira ndi madzi ofunda pakati pa Birmingham. Ndikanakana? Ndinafuna kunena, koma mtima unakana. Ndinali nditazisowa."

"Nanga mbale yachiwiri?"

"Imeneyo ndinkangofuna kuona kuti zithera pati."

"Nanga chija mumapita nacho kukamwa?"

"Sindikanadya. Ndine nesi ine. Ndimafuna ndione ngati ungandisiye."

Mada anafunsa motsitsa mawu kuti nanga iye anamusiyiranji. Azakhali anati iye ndi mnyamata, m'mimba mwake mukadali mphamvu, ndipo aphunzire kufika pa nthawi.

Mayi uja atamva nkhani yonse anaseka mpaka anakaitana wophika kuti adzandione. Anabweretsa mbale yachitatu ya madzi, ndipo ulendo uno anaima pomwepo osachoka mpaka ataona ndi maso ake kuti taviikamo pepala. Anandigwira manja n'kundiphunzitsa kukulunga. Yanga yoyamba inang'ambika, yachiwiri inaoneka ngati mtolo wa zovala zochapa, koma inakoma. Masamba a mpungabwi aja ndi nyama yowotcha zimagwirizana modabwitsa.

Kenako unafika pho uja ndinaloweza. Msuzi wake ndi woyera koma wa fungo lamphamvu, nyama yodulidwa mopyapyala imapsera m'mbale momwemo uli kuyang'ana. A Mbewe anadikira mpaka kufiira konse kutatha, anapempheranso kachiwiri, kenako anamaliza mbale yonse n'kupendeketsa kuti amwe wotsalira. Banh xeo titaliyesa, a Mbewe anati likufanana ndi chitumbuwa chimene chinapita ku sukulu. Chinthu chilichonse chikafika pa tebulo, ine ndinkayamba ndayang'ana azakhali. Iwo ankangoti, "Ichi n'chodya," kapena, "Ichi usachikhudze, ndi maluwa."

Titamaliza, azakhali anatulutsa foni.

"Tiimbe ku Zomba, achimwene akudikira."

Kuseka n'kwina, chigamulo n'kwina. Azakhali anaika foni pakati pa tebulo kuti tonse tizimva. Mada anandigwira dzanja pansi pa tebulo.

"Achemwali, mwamuona mtsikana uja?" anamveka mawu a bambo ake a Mada.

"Ndamuona."

"Ndi wotani?"

Azakhali anandiyang'ana kuchokera pamwamba pa magalasi.

"Mwambo ali nawo wokwanira mudzi wonse. Nzeru tizimugawira pang'onopang'ono, ndi zosavuta zimenezo. Tumizani ankhoswe ku Mponela, ndipo musachedwe."

"Changu chake n'cha chiyani? Pali vuto?"

"Vuto lake n'loti mwana wanu wadyetsedwa kale madzi osamba m'manja, ine ndikuona. Mukudziwa nokha, achimwene, mwamuna akadya amenewo sabwerera m'mbuyo."

Mawu a ku Zomba aja anabwera monjenjemera.

"Madzi a m'manja mwa ndani?"

"Mwa anthu atatu. Koma ine ndine azakhali ake, ndipo a Mbewe ali pabanja kale, ndiye angotenga mtsikanayu."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma anaiwala kunena kuti nthawi zina safunsayo amapezerapo banja.